Manda Anga ndi Ndege ya Mchira Wachikasu

Kuseri kwa tchalitchi cha ku Chiwanga kuli manda amene kale anali anga. Anthu obwera kudzagula usipa akamva zimenezi amaseka, amati mkuluyu mutu wayamba kuzungulira. Ine sinditsutsana nawo. Ndimangowauza kuti akafunse akatekisita, kapena amake Monika, amene anali akazi anga. Mandawo alipo ndithu, pafupi ndi mtengo wa mango, ndipo amasesedwa chaka ndi chaka. Chimene chinandiika m'menemo si matenda, si ng'ona, koma kampani ya ndege.

Dzina la kampaniyo linali lachingerezi, lalitali, moti ngakhale ife ogwirako ntchito aliyense ankalitchula mwa iye yekha. Tinkangoti Mchira Wachikasu, chifukwa ndege zake anazipaka utoto wachikasu kumchira. Lero mukakafunsa pa bwalo la ndege la ku Lichinga, anyamata a mayunifolomu aja angokuyang'anani. Inafa kalekale, ndipo sinasiye mwana.

Inabadwa nthawi ya nkhondo ya kwathu kuno ku Mozambique. Mwini wake anali mzungu wa ku Joni, wamfupi, wofiira nkhope. Tinkamutcha Bwana Mawa, poti chilichonse chimene ungamupemphe, kaya nsapato kaya tchuthi, yankho linali mawa. Anagula ndege yakale ya mapulopela awiri, imene eni ake oyamba anali atatopa nayo, n'kuyamba kunyamula chimanga cha chithandizo kupita nacho kumene misewu inali yodzaza ndi mabomba. Pamene ife tinkathawira ku Malawi, iye ankalemera. Sindikumunena, munthu amadya pamene wapeza.

Nkhondo itatha tinabwerera ku Chiwanga, ine ndi Esinati, amene ndinamukwatira tili kothawa komweko. Tinapeza pamudzi pamera thengo. Bwato ndinalibe, khoka ndinalibe, ndinali ndi manja okhawa ndi mwana wakhanda, Monika. Ndiye tsiku lina ndinakwera ku Lichinga kukafuna ganyu, pamodzi ndi Barnaba, mnzanga wa ku Nkholongue amene tinkaimba naye kwaya kuyambira tili ana. Ganyu tinamupeza pa bwalo la ndege, wokweza matumba a chimanga mu ndege ya mchira wachikasu.

Woyendetsa ndegeyo, mkulu wina wa ndevu zotuwa, wolankhula Chipwitikizi, anaima n'kumationerera tikumanga matumbawo ndi zingwe. Ife tinkamanga monga timamangira katundu m'bwato kukakhala mwera, mfundo yosasuntha koma yomasuka ukangokoka mbali imodzi. Anatifunsa kwathu. Tinati kunyanja. Iye anati ndege ndi bwato n'chimodzimodzi, katundu akathawira mbali imodzi nonse mwapita, ndipo akufuna anthu awiri oti aziyenda nayo. Ameneyo ndiye Piloto Ndevu.

Ndinatsika kumudzi kudzatsanzika.

"Nanga tidzadziwa bwanji kuti muli moyo?" anafunsa Esinati akundilongedzera kathumba. "Positi kulibe, lamya kulibe. Anzanu amapita ku Joni n'kukatchona."

"Mukamva ndege ikulira, tulukani panja," ndinatero. "Ndine ameneyo."

Ndinkangocheza. Pakamwa panga pamatuluka zinthu ndisanaziganize, n'chibadwa changa. Koma Esinati si munthu wotaya mawu. Anagwedeza mutu, n'kumanga kathumbako.

Ku Joni sitinaone Joni amene anthu amamusimba. Tinkagona m'chikontena chachitsulo kuseri kwa shedi ya ndege, pa kabwalo kakang'ono kunja kwa tauni. Tinalimo anthu a mitundu yosiyana, wa ku Congo, a ku Zimbabwe, wina wa ku Beira, aliyense ndi kapoto kake. Nthawi yozizira chitsulocho chinkachita thukuta m'kati, madontho n'kumatigwera kumaso. Ife ana a kunyanja, ozolowera kuyenda chifuwa chili pamtunda, tinkagona titavala masokosi m'manja. Nsomba zinali za m'chitini, zosadziwika mutu ndi mchira. Barnaba ankazipempherera nthawi yaitali, ankati mwina zisanduka chambo. Kwa eni kudyetsa nthanga, dzungu ukulifuna.

Mapasipoti athu ankasunga Bwana Mawa mu ofesi yake, ati kuopa kuti tingataye. Tikamauluka ankawapereka kwa piloto, tikabwerako ankawalandanso. Sitinaone vuto. Tinkaona ngati ndi mmene zimakhalira ku ndege.

Chimanga cha chithandizo chitatha, kampani inayamba kunyamula chilichonse chimene chalipira. Inanyamula anthu a m'migodi ya golide ya ku Tanzania ndi zitsulo zawo zobowolera miyala. Inanyamula anapiye a tsiku limodzi, mabokosi mabokosi, akulira ulendo wonse mpaka makutu kuchita nthenya. Inanyamula mowa, matayala, maliro, ndipo ulendo wina gulu la amayi a mpingo amene anaimba kuyambira ponyamuka mpaka potera chifukwa cha mantha. Zinthu zitayenda bwino Bwana Mawa anagula ndege yachiwiri. Yoyamba ija tinkaitcha Chimfine, chifukwa inkangochucha mafuta ndipo polira inkayamba yatsokomola. Yachiwiriyi tinaitcha Namwali, ngakhale nayonso inali nkhalamba, kungoti utoto unali watsopano.

Ulendo wa ku migodi unkadzera ku Beira, kenako ku Lichinga kukamwa mafuta, ndipo tikanyamuka pamenepo tinkatsata gombe la nyanja kulowera kumpoto. Kawirikawiri linkakhala Lachinayi, limene kuno timati Kinta. Pa Lichinga sitinkakhalitsa, mafuta akangodzaza basi, ndiye zotsika kumudzi panalibe. Ndalama ndinkasiyira mkulu wothira mafuta, iye n'kupatsa woyendetsa shapa, minibasi ya ku Mtengula, ndipo zina zinkafika.

Ulendo woyamba kudutsa kwathu, ndinalowa kutsogolo n'kumugwira Piloto Ndevu paphewa.

"Piloto, mudzi wanga ndi uwo, pamchenga woyerapo."

"Uli ndi mkazi kumeneko?"

"Alipo, ndi mwana."

"Gwira chitsulo," anatero.

Anaitsitsa Chimfine mpaka ndinayamba kuona mathandala oyanikapo usipa ndi anthu akuthawira m'mitengo. Atafika pa Chiwanga anaipendeketsa, phiko ili pansi, kenako linalo. Pamenepo ndinaona kanthu kakuthwanima pamchenga. Poyamba ndinayesa ndi madzi. Koma madzi satsata ndege. Kuwalako kunkatilondola, kuzima, kuyakanso, mpaka kunandilasa m'diso.

"Alamu akuyankha," anatero Barnaba ali pawindo lina.

Linali galasi lake lodziyang'anira, lozungulira, la mkombero wofiira, limene anagula ku Nkhata Bay tili othawa. Munthu wamkulu ine, ndinakhala pa thumba la simenti n'kumapukuta m'maso. Barnaba anandiseka mpaka ku Tanzania.

Kuyambira tsiku limenelo unakhala mwambo. Ndege ikapendeka, galasi liyankha. Ndevu ankazikonda kuposa ine, ankati m'moyo wake wonse wouluka palibe bwalo limene linamulandirapo bwino chotere. Ulendo wina ndinafuna kuonjeza nzeru. Ndinagula kapulana yabwino, chitenje cha maluwa obiriwira, n'kukulungamo shuga, n'kuponya pa kachitseko tikudutsa. Ndinkalinga pamchenga, mphepo inalinga kwina. Phukusi linagwera m'nyanja, ndipo ndinaona mabwato akulimbirana ngati aona gulu la usipa. Kapulana anaivuula n'kukaipereka kwa Esinati. Shuga anadya nsomba, ndipo mpaka lero akuluakulu a ku Chiwanga amati chaka chimenecho usipa unali wotsekemera.

Nthawi ina ndinadwala chifuwa ku Joni, ulendo unandisiya ndili gone m'kontena. Ndevu atabwerako anandipeza n'kunena kuti, "Usadandaule, akazi ako ndawapatsa moni. Ayankha." Ndinathokoza. Sindinaganize kuti tsiku limenelo Esinati anagona tulo tabwino poyesa kuti ndili bwino, pamene ine ndinali kutsokomola magazi. Amene ankapereka moni uja sindinali ine, inali kampani. Zimenezi ndinadzazizindikira mochedwa.

Tchuthi ndinapatsidwa kamodzi kokha, mawa la Bwana Mawa litafika mwangozi. Ndinapeza Monika akuthamanga, akundithawa. Ana a pamudzi ankanditcha bambo a ndege. Nyumba inali itafoleredwa bwino, ndipo ndalama zimene zinapulumuka m'manja mwa a shapa Esinati anagulira khoka la chilimila, limene mlongo wake ankapha nalo usipa. Ndinaona kuti Kinta m'mawa sankapita kumunda wakutali. Ankagwira ntchito za pafupi, galasi lili m'chiuno.

"Kukachita mitambo mumatani?" ndinamufunsa.

"Ndimaima basi. Ikapendeka phiko ndimadziwa kuti mulipo, ngakhale inu musandione." Kenako anati, "Bambo a Monika, khoka lagulidwa. Chatsala n'chiyani kumeneko?"

"Bwato la injini. Chaka chimodzi chokha."

"Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada," anatero, koma sanandiletse.

Nditabwerera ndinapeza zinthu zayamba kupendama. Kunabwera makampani ena a ndege zatsopano, zothamanga, zosachucha mafuta, ndipo eni migodi anayamba kusamukira kumeneko. Ife tinatsala ndi anapiye. Zitsulo zikatha, makaniko ankachotsa kwa Chimfine kuika kwa Namwali, mawa lake kuchotsa kwa Namwali kubwezera kwa Chimfine. Ulendo womaliza kudutsa pa Chiwanga sindinadziwe kuti ndi womaliza. Chingwe china chinali chitamasuka, ndipo ndinali kalikiliki kukoka bokosi. Barnaba ndiye anakuwa kuti alamu akuwala uko. Ndinati ndiwaona ulendo wamawa.

Sabata yotsatira Bwana Mawa anatisonkhanitsa pa shedi m'mawa, chikwama chili kale m'manja. Anati wapeza ntchito yonona ku Angola, kumene nkhondo inali isanathe, yonyamula chakudya ndi mafuta kupita ku matauni a dayamondi. Anati ndi milungu yochepa chabe. Tinanyamuka tsiku lomwelo, ndege zonse ziwiri. Njira ya ku Angola sidzera kunyanja kwathu, ndipo panalibe woti ndimutume.

Za ku Angola sindikonda kuzitambasula. Tinkatera pa mabwalo a dothi lofiira, kutsitsa migolo injini zikulira, n'kuthawa. Ndevu anasiya nthabwala. Milungu yochepa ija inasanduka miyezi, mvula inabwera n'kupita.

Tsiku lina m'mawa anatigawa. Ine ndi Barnaba anatiika mu Chimfine ndi piloto wina wachinyamata, Ndevu anatenga Namwali ndi mnzathu wa ku Beira uja. Palibe chifukwa chimene anatigawira choncho, kungoti ife tinali titaima pafupi ndi Chimfine. Namwali sanafike kumene ankapita. Ena amati anawomberedwa, ena amati injini, ine sindinaone. Sipanapulumuke munthu. Wailesi inanena kuti ndege ya kampani yakutiyakuti yagwa, ndipo mwa akufawo muli wantchito wa ku Mozambique. Mawu amenewa anayenda bwino kuposa ndalama zanga zonse. Anafika kwa mkulu wothira mafuta ku Lichinga, anakwera shapa, anatsika ku Chiwanga osaperewera ngakhale pang'ono.

Ife tinatera pa katauni kena ka dayamondi, ndipo potera pomwepo injini ya kumanzere inatsokomola komaliza. Bwana Mawa analankhula pa wailesi ya mu ndege, anati chitsulo chibwera mawa. Piloto wachinyamata uja anakwera ndege ya anthu ena, ati akukatenga chitsulocho, n'kutiuza kuti tilonde Chimfine. Mapasipoti anapita nawo m'chikwama chake. Kwa masiku angapo wailesi inkayankha. Kenako tinkaitana, kumangomveka mphepo. Patapita nthawi tinamva kwa anthu a ndege zina kuti ofesi ya ku Joni yatsekedwa ndi unyolo, mwini wake sakudziwika kumene ali. Kufa kwa Mchira Wachikasu kunali kumeneko, popanda belu, popanda nyimbo.

Tinakhala mu ndegemo, poti inali nyumba yokhayo imene tinali nayo. Masana tinkakhala pansi pa phiko, pamthunzi. Popanda mapepala sukanayenda, pa msewu uliwonse panali asilikali. Chipwitikizi chokha ndicho chinatithandiza. Tinayamba ganyu wosenza miyala ku maenje a dayamondi, kutsika nayo kumtsinje kuti eni ake akasefe. Dayamondi ndinamuona ndi maso, kamwala konyozeka, sungakatole n'komwe pamchenga wa kwathu.

Chimfine anatha pang'onopang'ono, ngati ng'ombe ya pamaliro. Asilikali anatenga mafuta ndi matayala. Mipando tinagulitsa tokha kwa mwini bala. Amisiri a m'tauni ankabwera ndi macheka kudzadula malata a m'mapiko, kukapangira mapoto ndi mabeseni. Barnaba ankati tisadandaule, ndege yathu tsopano ikuphika nyemba m'nyumba iliyonse. Nkhuku za anthu zinkaikira mazira pamene ankakhala piloto.

Barnaba ndiye ankandisunga. Ine ndimafulumira kutaya mtima, iye ayi. Lamulungu lililonse ankandikakamiza kusamba, tivale malaya abwino, tiime pansi pa mchira wachikasu uja n'kuimba nyimbo za kwathu, iye mawu apamwamba ine apansi. Amayi a kumeneko ankaima ndi mitolo yawo kumatimvera. Ankandiuza kuti, "Iwe uli ndi mwayi, alamu ali ndi galasi. Ine amayi anga maso anafooka, ndege ankangoimva."

Malungo anamugwira nyengo ya mvula. Mankhwala amene ndinagula pamsika sanathandize, kaya anali ufa chabe. Tsiku lomaliza anali ndi nzeru zake zonse. Anandiyang'ana ali gone pamene kale tinkaika matumba.

"Ukandiika kuno, amayi anga adzalira pati?"

Ndinamuuza kuti asiye zopusa, achira. Usiku womwewo anamwalira. Ndinamuika kumapeto kwa bwalo, mothandizidwa ndi anthu awiri amene sindinkawadziwa maina. Mtanda ndinapanga ndi chidutswa cha mchira. Ndinayesa kuimba, koma nyimbo ya mawu apansi okha siimveka ngati nyimbo.

Anthu amandifunsa kuti bwanji sunatumize mawu. Ndinatumiza. Ndinauza wamalonda wina wa ku Zambia amene ankati amafika ku Malawi, ndinauzanso woyendetsa lole wina. Kaya anaiwala, kaya anafa, kaya Chiwanga anachisowa. Nkhondo ya kumeneko itatha ndinayamba ulendo wapansi. Ndinalowa Zambia podzera m'tchire, ndinakhala pa famu ya fodya zaka zingapo kuti ndipeze ya thiransipoti ndi kapepala kodutsira, ndipo kunena zoona manyazi nawonso anandichedwetsa. Munthu unachoka pa ndege, ubwerere ndi kajumbo? Pomaliza ndinafika ku Nkhata Bay, ndinakwera sitima mpaka ku Likoma, bwato mpaka ku Cobue. Ndinadabwa kuona asodzi akulankhula pa lamya za m'manja ali m'bwato. Kanthu kameneka kakanabwera msanga, nkhani ino sikanakhalapo.

Ndinafika ku Chiwanga dzuwa lili pamutu, imvi zili mbuu. Amayi amene ankatembenuza usipa pa mathandala anandiyang'ana, mmodzi anaponya lichero pansi n'kuthawa, enawo anamutsatira. Amene anatsala ndi mlongo wanga Dorika. Anabwera pang'onopang'ono, n'kunditsina pamkono mwamphamvu mpaka ndinakuwa.

"Ndinu ndithu," anatero. "Achimwene, tinakuikani."

Anandikhazika pakhonde pake n'kundifotokozera. Ndege itasiya kubwera, Esinati ankaimabe pamchenga Kinta iliyonse, galasi lili m'manja, anthu mpaka anayamba kumumvera chisoni. Kenako inafika nkhani ya pa wailesi. Anadikirabe mvula ina. Pamenepo amalume anati tichite monga timachitira msodzi amene nyanja yakana kumubweza. Kwathu kuno munthu sangangosowa, pamafunika manda oti anthu alirepo ndi kumeta. Anadula thunthu la nthochi lotalika ngati ine, analiveka malaya anga akale, analikulunga, akatekisita anawerenga mapemphero, ndipo analiika kuseri kwa tchalitchi. Dorika anati maliro anga anali aakulu, kwaya ya ku Nkholongue inabwera. Ndinamufunsa ngati anaphika nyama. Anati mbuzi. Ndinati chabwino, sanandinyoze.

"Nanga amake Monika?"

Dorika anayang'ana pansi. Anati patapita zaka anakwatiwa ndi a Matiya, osema mabwato, amene akazi awo anamwalira. Ali ndi ana atatu. Monika anakwatiwa ku Cobue, ndinadutsa pakhomo pake osadziwa.

Akuluakulu anakhala pansi pa nkhaniyi, poti mkazi mmodzi sangakhale ndi amuna awiri amoyo. A Matiya anabwera atavula chipewa, munthu wofatsa, manja okhakhala. Anati, "Akulu, ine sindinabe. Ndinapeza namfedwa." Ndinalibe nawo mlandu. Amene anandilerera mwana ndi iwowo. Koma ndinapempha kuti ndilankhule ndi Esinati, ndipo anatisiya pa mphasa, anthu ali chapatali.

Anali atanenepa pang'ono, kumaso kuli komwe kuja. Sanalire.

"Mukanadikirako pang'ono," ndinatero.

"Munati ndikamva ndege, ndinu ameneyo," anayankha. "Ndinakhulupirira. Ikabwera ndinkati muli moyo. Itasiya kubwera ndikanati chiyani? Mawu ake anali anu omwe, bambo a Monika."



"Ndinakulirani mokwanira," anapitiriza. "Ndinameta, ndinavala zakuda. Ana awa ali ndi bambo wawo. Musandipemphe kuti ndiikenso mwamuna wina ali moyo."

Zinandipweteka, ndisaname. Koma madzi akatayika saoleka. Ndinauza akuluakulu kuti banja la a Matiya lisagwedezeke, ine ndimanga kanyumba pafupi ndi Dorika.

Inatsala nkhani ya manda. Amalume, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, anati manda a munthu wamoyo ndi oipa, amaitana mwini wake. Anati afukulidwe, thunthu kaya latsala chiyani likatayidwe m'nyanja, pamalopo pasalazidwe. Ndinawapempha kuti adikire ndiyambe ndapita ku Nkholongue, chifukwa ndinali ndi katundu wina woti ndikatule.

Amake Barnaba ndinawapeza atakhala padzuwa, maso atatheratu. Iwo anali atakana thunthu la nthochi. Abale atawauza kuti achite monga achitira a ku Chiwanga, anati wailesi yanena munthu mmodzi, ndipo mmodziyo waikidwa kale ku Chiwanga, ndiye wawo ali moyo. Zaka zonsezi ankamusungira mphasa yake. Wamoyo anaikidwa, wakufa ankadikiridwa. Ndinagwada n'kuwauza zonse, za malungo, za mtanda wachikasu. Anandigwira kumaso ndi manja onse, kundipapasa.

"Kumeneko n'kutali?"

"N'kutali, amayi. Simungafikeko."

"Nanga ine ndikalira pati?"

Anali mawu omwe aja a mwana wawo. Pobwerera ku Chiwanga ndinali nditadziwa kale chochita. Ndinauza akuluakulu kuti pali manda opanda mwini ndi mwini wopanda manda, bwanji tiwakumanitse. Ena anati zimenezo sizinachitikepo. Akatekisita anakanda m'mutu, n'kunena kuti thunthu la nthochi silinabatizidwe, lilibe dzina, limaimira amene wasowa. Amalume anavomera, koma anati tifukulebe, tichotse malaya anga, tiikemo thunthu latsopano.

Pamenepo kunamveka mawu kuchokera kumene kunakhala amayi. Anali Esinati, amene pa milandu salankhula.

"Dzina sinthani. Koma khasu lisalowe pamenepo."

Amalume anafunsa chifukwa. Iye anangobwereza mawu omwewo, ndipo a Matiya anati zikhale monga anenera mayiwa. Tinazula mtanda wa dzina langa, a Matiya anasema wina, tinalembapo Barnaba. Amayi ake tinawabweretsa pa bwato. Analira tsiku lonse atagwira dothi, kwaya inaimba, ine ndinaimba mawu apansi. Sanakhalitse pambuyo pake, koma anapita mtima uli pansi. Mtanda wanga wakale Dorika anasonkhera moto, ndipo unayaka bwino.

Tsopano ndine mkulu wosoka makhoka a anthu. Mfundo zija sindinaiwale. Monika amabwera ndi ana ake, amanditcha bambo, a Matiya amawatchanso bambo, ndipo palibe amene amadandaula. Ndege zimadutsabe, koma m'mwamba kwambiri, kamzere koyera chabe, zosadziwa kuti pansi pano pali Chiwanga.

Chaka chatha, pa tsiku lokumbukira akufa, pamene aliyense amakasesa manda a abale ake, ndinapita ndi khasu langa kuti ndikalambule pa Barnaba. Ndinapeza pasesedwa kale, ngati zaka zonse. Esinati anali akumalizira kuzula udzu m'mbali, atawerama movutikira, poti msana unayamba kumuvuta.

"Mwadzuka bwanji, amake Monika?"

"Ndadzuka, kaya inu, bambo a Monika."

"Mukudzivutitsiranji? Manda awa si anganso. Mwini wake ndi wa ku Nkholongue, si m'bale wanu."

Anaweramuka pang'onopang'ono, n'kukutumula dothi m'manja.

"Sindisesera a Barnaba," anatero. "Galasi lija lili pansi apa. Ndinalikulunga m'kapulana ya maluwa obiriwira, ndinaliika pachifuwa panu."

Anatola tsache lake n'kumapita, chifukwa a Matiya anali kumudikira pa mpanda wa tchalitchi. Ine ndinatsala ndi khasu m'manja, ndipo panalibe udzu woti ndilambule.